Noda: mzinda wa ku Japan umene unakulira pa soya, tirigu ndi mchere

Munthu akatchula za chuma cha dziko la Japan, ambirife timaganiza za magalimoto, poti ndi amene adzaza m'misewu yathu, kapena za zipangizo zamagetsi. Timaganizanso za Tokyo, ndipo mizinda ing'onoing'ono yozungulira likululi timangoitenga ngati malo amene anthu amapita kukagona akaweruka kuntchito. Zimenezi n'zoona mbali ina, koma zimaphimba mbiri ya mizinda ina imene inali kale ndi chuma chakechake sitima zonyamula anthu apantchito zisanayambe n'kuyenda komwe. Umodzi mwa mizinda yotereyi ndi Noda, umene uli m'chigawo cha Chiba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto chakummawa kwa Tokyo, ndipo mumakhala anthu pafupifupi 150,000. Dzina la mzindawu si lodziwika kunja kwa Japan, koma katundu wake ndi wodziwika padziko lonse, chifukwa kuno ndiye kwawo kwa kampani ya Kikkoman, imene imapanga shoyu.

Shoyu n'chiyani, ndipo amapanga bwanji?

Shoyu ndi madzi odera, amchere, amene anthu a ku Japan amakometsera pafupifupi ndiwo iliyonse, ndipo m'masitolo akuno amagulitsidwa pa dzina lachingerezi la soy sauce. Zopangira zake ndi zitatu basi: soya, tirigu ndi mchere, kuphatikizapo madzi. Soya amamuphika ndi nthunzi mpaka kufewa, tirigu amamukazinga n'kumuphwanya, kenako amasakaniza ziwirizi ndi kuwazamo chuku chapadera chimene amachisunga ndi kuchisamala dala. Chosakanizachi amachiyala m'chipinda chofunda kwa masiku atatu, ndipo chukucho chikamera bwino chimatchedwa koji. Amene anafululapo mowa wamasese kapena kuphika thobwa amvetsa msanga ntchito ya koji akakumbukira chimera: monga chimera chimasandutsa ufa kukhala wotsekemera, koji amaphwanya zakudya za m'soya ndi m'tirigu kuti zitulutse kukoma.

Pambuyo pake koji amamuthira m'madzi amchere wambiri, ndipo phala limene limapangika limatchedwa moromi. Phalali limakhala m'thanki likuwira pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, ndipo kale, pamene ankagwiritsa ntchito migolo ikuluikulu yamatabwa yotalika kuposa munthu, linkakhala chaka chathunthu kapena kupitirira, antchito akulitakasa ndi mitengo italiitali. Likapsa amalikulunga m'nsalu, n'kulifinya, madzi otulukawo n'kuwatenthetsa kuti asaonongeke.

Mafululidwe amenewa akutiuza zinthu ziwiri zokhudza chuma. Choyamba, ntchitoyi imafuna munthu wa mpamba wokwanira, chifukwa amagula soya, tirigu ndi mchere lero koma ndalama n'kudzaziona chaka chamawa. Chachiwiri, zopangira zake ndiponso katundu wotulukayo ndi zolemera kwambiri, moti amene ali ndi njira yotchipa yonyamulira katundu ndiye amapambana pamsika. Mbiri yonse ya Noda yagona pa mfundo yachiwiriyi.

Mitsinje imene inakumbidwa ndi anthu

Mzinda wa Noda wazunguliridwa ndi madzi mbali zitatu: mtsinje wa Tone kummawa, mtsinje wa Edo kumadzulo, ndi ngalande ya Tone kummwera. Chodabwitsa n'chakuti madzi onsewa akuyenda m'njira zimene anthu anachita kukonza. Kale mtsinje wa Tone unkathira m'nyanja pafupi ndi mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo. Boma la banja la Tokugawa, limene linkalamulira Japan kuchokera ku Edo kuyambira m'chaka cha 1603, linagwira ntchito ya zaka zambiri yopatutsa mtsinjewu kuti uzikathira kummawa, ku Choshi, ndipo ntchitoyi inafika pachimake m'chaka cha 1654. Cha m'ma 1640 anakumbanso njira yatsopano ya mtsinje wa Edo kuchokera ku Sekiyado kutsikira kummwera, ndipo njirayi inadutsa m'mphepete mwenimweni mwa Noda.

Mwadzidzidzi mudzi wa alimi unapezeka uli pamphambano. Soya ankabwera pa mabwato kuchokera kudera la Hitachi, limene lero ndi chigawo cha Ibaraki, tirigu ankachokera m'zigwa zoyandikana nawo, ndipo mchere unkakwera ndi mtsinje kuchokera ku Gyotoku, kufupi ndi kumene mtsinje wa Edo umathira m'nyanja, kenako unkachokeranso kutali kumadzulo, ku Ako. Mabwato amatanga otchedwa takasebune, amene anali ophwatalala pansi kuti azitha kuyenda pamadzi osaya, ankatsika ndi migolo ya shoyu n'kukafika ku Edo tsiku lisanathe, ndipo pobwerera sankabwera opanda kanthu chifukwa ankasenza mchere. Mzinda wa Choshi, umenenso ndi wotchuka ndi shoyu wa makampani a Yamasa ndi Higeta, unali kutali kumathiriro a Tone, moti mabwato ake ankatenga masiku ambiri kuti akwere mtsinje kenako n'kutsikira ku Edo.

Banja la Takanashi linayamba kupanga shoyu ku Noda m'chaka cha 1661, ndipo banja la Mogi linayamba chaka chotsatira ndi phala lina la soya lotchedwa miso, n'kudzalowa mu shoyu patapita zaka pafupifupi 100. Msika unali pafupi ndipo unali waukulu, pakuti m'zaka za m'ma 1700 mu Edo munkakhala anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Koma poyamba msikawu sunali wawo. Anthu a ku Edo ankakhulupirira kuti katundu wabwino amachokera kumadzulo, kudera la Osaka, ndipo zolemba za m'chaka cha 1726 zimasonyeza kuti pa migolo inayi iliyonse ya shoyu yolowa mumzindawo, itatu inali yochokera kumeneko. Opanga a ku Noda ndi ku Choshi anapambana posintha kakomedwe: anawonjezera tirigu, shoyu wawo n'kukhala wodera kwambiri ndi wafungo lamphamvu, woyenerana ndi nsomba ndi zakudya zam'misewu zimene anthu ogwira ntchito zolemetsa mu Edo ankakonda. Pofika m'chaka cha 1821, pa migolo pafupifupi 1,250,000 imene inalowa mu Edo, yokwana 1,230,000 inali yochokera m'madera oyandikana ndi mzindawo.

Mabanja asanu ndi atatu, kampani imodzi

Mabanja opanga shoyu ku Noda ankapikisana, koma analinso apachibale ndi apaukwati, ndipo anazindikira msanga kuti kugwetsana mitengo kungawamalize onse. M'chaka cha 1887 anakhazikitsa bungwe limene linkagwirizanitsa kagulidwe ka zopangira, mitengo, malipiro a antchito ndi kuchuluka kwa katundu wotumiza kumsika. Mgwirizano woterewu umapindulitsa eni mafakitale chifukwa umachotsa mpikisano pakati pawo, ngakhale kuti wogula ndi wantchito sakhala ndi kwina kothawira. M'chaka cha 1917 mabanja asanu ndi atatu, asanu ndi limodzi a kwa Mogi, limodzi la Takanashi ndi limodzi la Horikiri la mumzinda woyandikana nawo wa Nagareyama, anaphatikiza mafakitale awo n'kupanga kampani imodzi yotchedwa Noda Shoyu.

Pa nthawiyo anali ndi mayina a malonda oposa 200, ndipo zinatenga zaka zoposa 20 kuti dziko lonse lizigula katundu wawo pa dzina limodzi, m'chaka cha 1940. Dzina limene linatsala ndi Kikkoman. Mawu akuti kikko amatanthauza chigoba cha kamba, n'chifukwa chake chizindikiro chawo chili ndi ngodya zisanu ndi imodzi, ndipo man ndi 10,000, poti mwambi wa ku Japan umati kamba amakhala zaka 10,000. Mabanjawa anagwirizananso lamulo loti banja lililonse lizilowetsa munthu mmodzi yekha m'kampani pa m'badwo uliwonse, popanda lonjezo loti adzapatsidwa udindo. Amene anaonapo bizinesi ya banja ikutha chifukwa cha kuchuluka kwa ana ndi adzukulu ofuna mpando angamvetse chimene lamuloli linkapewa.

Pamene kampani ikugwira ntchito za boma

Anthu a ku Japan ali ndi mawu akuti kigyo jokamachi. Kale jokamachi unali mzinda womangidwa m'munsi mwa linga la mfumu ya asilikali, umene moyo wake wonse unkadalira mfumuyo. Akawonjezera mawu akuti kigyo, amene amatanthauza kampani, amanena mzinda umene kampani imodzi yatenga malo a mfumu. Aliyense amene anafikapo ku Nchalo kapena ku Dwangwa akudziwa mmene fakitale imodzi ya shuga imakokera nyumba, chipatala, msika ndi misewu kwa iyo. Ku Noda zinafika patali kuposa pamenepo.

Tiyambe ndi mayendedwe. Mafakitale sanali pagombe penipeni, choncho m'chaka cha 1900 opanga shoyu anayala kanjanji kakang'ono kuchokera kumafakitale kukafika kumadoko a pamtsinje wa Edo. Pakanjanjika sipankayenda injini kapena hatchi. Ankakankha ngolo ndi anthu, amuna akuweramira ngolo yodzaza ndi migolo kudutsa pakati pa tauni mpaka kumtsinje, pobwerera n'kukankhanso mchere ndi soya. Chaka chomwecho anatsegula banki yawoyawo, imene dzina lake, Noda Shoyu Ginko, analilemba ndi zilembo zina zotanthauza kukopa malonda koma zomveka chimodzimodzi ndi dzina la katundu wawo. Bankiyi inadzalowa mu Chiba Bank m'chaka cha 1944.

Nthawi ya mabwato inali ikutha. Ngalande ya Tone, imene anaikonza katswiri wa ku Netherlands dzina lake Mulder n'kutsegulidwa m'chaka cha 1890, inathandiza kwa kanthawi, koma sitima zapamtunda zinali zitayamba kale kulanda katundu wa pamadzi. Njanji yaikulu inadutsa ku Kashiwa, kummwera, n'kuusiya mzinda wa Noda pambali. Opanga shoyu anaona ngoziyo ndipo anabwereketsa ndalama ku boma la chigawo cha Chiba kuti limange njanji yochokera ku Kashiwa kukafika ku Noda, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1911. Pambuyo pake kampani imene mabanja omwewa anali ndi masheya ambiri inatenga njanjiyo, n'kuitalikitsa mpaka ku Omiya pofika m'chaka cha 1930, ndipo m'chaka cha 1944 inaphatikizidwa ndi kampani ya Tobu, imene ikuyendetsa njanjiyi mpaka lero.

Chipatala chinatsegulidwa m'chaka cha 1914 ndi ndalama za opanga shoyu, ndipo chilipobe pa dzina la Kikkoman. Madzi a m'mipope anayamba kufika m'nyumba za anthu m'zaka za m'ma 1920 kuchokera kukampani, ndipo khonsolo ya mzinda inadzalandira ntchito yogawa madziyi m'chaka cha 1975. Ena amaona zonsezi ngati chifundo cha anthu olemera amene sanaiwale kwawo. Ena amati fakitale ya shoyu singayende popanda madzi abwino, njanji ndi antchito athanzi, choncho kampani inkadzithandiza yokha, ndipo munthu amene madzi, chipatala, banki ndi malipiro ake zonse zili m'dzanja limodzi savuta kumulamulira. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake m'mbiri ya mzindawu, ndipo umboni wa mbali yachiwiri unaonekera poyera m'chaka cha 1927.

Sitiraka ya miyezi isanu ndi iwiri

Kale antchito a m'mafakitale a shoyu ankalembedwa kudzera mwa akapitawo, amene ankawapeza kumidzi, kuwasunga m'nyumba zogona za pafakitale ndi kuwayang'anira. Ntchito inkayezedwa ndi ndime: munthu akamaliza gawo lake la tsikulo ankaweruka, ngakhale dzuwa lili pamutu. Kampani yatsopano ya 1917 inkafuna kuthetsa zimenezi n'kubweretsa maola okhazikika, makina ndi oyang'anira olembedwa ndi kampani. Antchito anakhazikitsa bungwe lawo m'chaka cha 1921, limene linalowa m'chitaganya cha mabungwe a antchito cha dziko lonse chotchedwa Sodomei, ndipo mikangano inayamba kubuka motsatizana.

Mkangano waukulu unayamba mu September 1927 ndipo unatha mu April 1928. Antchito ankafuna malipiro okwera, komanso ankadandaula kuti kampani yayamba kupereka ntchito yonyamula katundu kwa anthu amene sanali m'bungwe lawo pofuna kulifooketsa. Kampani inali itangomaliza kumanga fakitale yamakono yotchedwa Nambala 17, yodalira makina kwambiri, ndipo inapitiriza kupanga shoyu kumeneko ndi antchito atsopano. Inachotsa ntchito anthu oposa 1,000. Onyanyala ntchitowo analetsa ana awo kupita kusukulu, analimbikitsa anthu m'dziko lonse kuti asagule shoyu wa kampaniyo, ndipo mmodzi mwa atsogoleri awo anafika poyesa kupereka dandaulo kwa mfumu ya Japan mumsewu wa mu Tokyo, chinthu chimene pa nthawiyo chinali choopsa kwambiri kuchita. Iyi inali sitiraka yotalika kwambiri imene dziko la Japan linaona nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanachitike.

Pomaliza bungwe la antchito linatha. Anthu pafupifupi 300 okha ndi amene analembedwanso, enawo analandira ndalama zolekera ntchito. Kampani inapambana, koma mumzinda waung'ono chonchi, mmene wonyanyala ndi wolowa m'malo mwake ankakumana pamsika womwewo, chilonda chinali chachikulu. Eni kampani anayankha ndi mfundo yoti kampani ndi banja limodzi ndiponso chuma cha anthu onse, ndipo m'chaka cha 1929 anamanga holo yaikulu ya Kofu Kaikan yochitiramo maphunziro ndi zisangalalo za anthu a mumzinda, imene ikuimabe mpaka pano.

Msika wasamukira kunja

Nkhondo itatha m'chaka cha 1945, soya anasowa kwambiri, ndipo panali chiopsezo choti wochepa amene analipo aperekedwe kwa opanga madzi okometsera ndiwo a mankhwala, amene satenga miyezi kuti apse. Akatswiri a kampani ya ku Noda anapeza njira yofulumizitsa kafululidwe ndi kutulutsa shoyu wambiri pa soya yemweyo, ndipo kampani inalola opanga ena onse kugwiritsa ntchito njirayo mosalipira. Noda unakhala mzinda mwalamulo m'chaka cha 1950.

Vuto lotsatira linali la mtundu wina. Munthu akalemera amagula galimoto yachiwiri, koma sathira shoyu wowirikiza pa ndiwo zake. Pamene chuma cha Japan chinkakula mofulumira, anthu anayambanso kudya buledi, nyama ndi zakudya zakunja. Shoyu wogulitsidwa m'dzikolo anafika pachimake m'chaka cha 1973, pa malita pafupifupi 1.3 biliyoni, ndipo lero watsika kufika cha pa malita 700 miliyoni pachaka. Opanga shoyu analipo pafupifupi 6,000 m'zaka za m'ma 1950, koma tsopano angotsala 1,000 ndi ochepa pamwamba.

Kikkoman inaona zimenezi zikubwera. M'chaka cha 1957 inatsegula kampani yogulitsa katundu ku San Francisco, ndipo m'malo mophunzitsa anthu a ku America kudya zakudya za ku Japan, inkawotcha nyama yothira shoyu m'masitolo n'kumalawitsa ogula. Kabotolo kapatebulo ka chivindikiro chofiira, kamene sikadontha pothira, kanatuluka m'chaka cha 1961 ndipo anakakonza ndi katswiri wolemba mapulani a maonekedwe a katundu dzina lake Kenji Ekuan. Kenako mfundo yakale ija ya kulemera kwa katundu inabweranso: kunalibe nzeru kugula soya ndi tirigu ku America, kuwolotsa nyanja kupita nazo ku Noda, n'kubwezanso madzi a m'mabotolo ku America komweko. Choncho m'chaka cha 1973 fakitale ya ku Walworth, m'chigawo cha Wisconsin, inayamba kutulutsa shoyu, ndipo zina zinatsatira ku Singapore ndi ku Netherlands. Chimene mtsinje wa Edo unachitira Noda zaka 300 m'mbuyomo, njanji ndi minda ya ku Wisconsin zinachitira Walworth. Lero gawo lalikulu la malonda ndi phindu la kampaniyi limachokera kunja kwa Japan.

Chimene mzinda umadalira lero

Munthu akatsika sitima pa siteshoni ya Nodashi amalandiridwa ndi fungo la soya wophika, ndipo nkhokwe zazitali za fakitale zili pafupi ndi njanji. Likulu limodzi la kampani lili mumzindawu, lina ku Tokyo. M'kati mwa fakitale muli nyumba yotchedwa Goyogura, yomangidwa koyamba m'chaka cha 1939, mmene amafululabe shoyu wa banja lachifumu m'migolo yamatabwa. Palinso kampani ya Kinoene, yoyamba m'chaka cha 1830, imene sinalowe nawo mumgwirizano wa 1917 ndipo ikupangabe shoyu payokha. Koma fakitale ya makina siifuna anthu ambiri ngati ija ya otakasa moromi ndi okankha ngolo, ndipo shoyu sayendanso pa sitima koma pa malole.

Njanji imene inamangidwira migolo tsopano imanyamula anthu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 minda yambiri inasanduka malo a nyumba za anthu ogwira ntchito ku Tokyo, ku Kashiwa ndi ku Omiya, ndipo yunivesite ya Tokyo University of Science inatsegula nthambi yake pafupi ndi ngalande ija. Msewu waukulu wa nambala 16, umene umazungulira Tokyo, umadutsa mu Noda, ndipo m'mbali mwake mwamangidwa mafakitale a zitsulo, makina ndi zakudya pamodzi ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu wopita kulikulu. M'chaka cha 2003 tauni ya Sekiyado, kumene mitsinje iwiri ija imapatukirana, inaphatikizidwa ndi Noda. Ulimi nawonso sunathe: kuli mpunga, ng'ombe zamkaka, ndiponso edamame, amene ndi soya wothyola ali wosakhwima n'kumuwiritsa ndi makoko ake monga timachitira ndi mtedza wauwisi.

M'chaka cha 2009 khonsolo ya Noda inakhala yoyamba m'dziko lonse la Japan kukhazikitsa lamulo loti kontilakitala aliyense wopatsidwa ntchito yaikulu ya mzinda azilipira antchito ake ndalama zosachepera mlingo umene khonsolo yaika. Ochirikiza lamuloli ankati kupikisana potsitsa mitengo ya matenda a boma kumathera pamsana pa wantchito, pamene otsutsa ankati kumakweza ndalama zimene okhoma msonkho amalipira ndipo nkhani ya malipiro ndi ya boma lalikulu. Mizinda ina ingapo inatengera chitsanzochi.

Chimene chikuvutitsa atsogoleri a mzindawu panopa ndi nkhani yomwe ija ya njira. Njanji ya Noda imayenda mozungulira Tokyo, siilowa pakati pa likulu, moti wopita kuntchito amayenera kusintha sitima panjira. Njanji yatsopano ya Tsukuba Express itatsegulidwa m'chaka cha 2005, inadutsa ku Nagareyama ndi ku Kashiwa, ndipo mabanja achinyamata anakhamukira ku Nagareyama, pamene chiwerengero cha anthu a ku Noda chinasiya kukwera ndipo okalamba akuchulukirachulukira. Kwa zaka zambiri khonsolo ya mzindawu pamodzi ndi mizinda yoyandikana nayo yakhala ikupempha kuti njanji ina ya pansi pa nthaka ya mu Tokyo italikitsidwe mpaka kudzafika ku Noda, koma ntchito yomanga gawo limeneli sinayambe.